Kuphunzira kulemba khodi motsatira momwe ubongo umasinthira

Ambiri amene amasiya kuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta (khodi) sasiya tsiku loyamba. Tsiku loyamba limakoma: walemba print, kompyuta yayankha, mtima uli mbee. Mavuto amayamba pa loop (khodi yobwereza ntchito imodzi kangapo) ndi function (kachigawo ka khodi kokhala ndi dzina, kogwira ntchito yakeyake), pamene zomwe munthu anaonera pa vidiyo dzulo zikukana kutuluka m'mutu lero. Apa m'pomwe amadziweruza kuti "mutu wanga si wa zimenezi", n'kutseka laputopu. Malangizo ano ndi a nthawi imeneyo. Ubongo umasintha pa ntchito imene waigwira wokha movutikira, n'kudziwitsidwa msanga pomwe walakwa, n'kuibwerezanso masiku osiyanasiyana. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yoti zinthu zitatuzi zizichitika tsiku lililonse.

Chimasintha n'chiyani m'mutumo

Ubongo wa munthu uli ndi maselo otumizirana mauthenga pafupifupi 86 biliyoni. Munthu akamaphunzira, chimene chimasintha kwambiri ndi mfundo zolumikiza maselowa. Donald Hebb wa ku Canada anafotokoza mu 1949 kuti selo lina likamadzutsa linzake mobwerezabwereza, mfundo ya pakati pawo imalimba. Zili ngati njira ya kudimba: yopondedwa tsiku ndi tsiku imaoneka, yosiyidwa imamera tsekera. Kusintha kumeneku asayansi amakutcha neuroplasticity, ndipo sikutha munthu akakula, ngakhale kuti mwa mwana kumafulumira.

Umboni womveka bwino unachokera kwa oyendetsa matakisi a ku London. Kuti munthu apatsidwe chilolezo kumeneko, amaloweza misewu pafupifupi 25,000 ya mkati mwa mzindawo, ntchito ya zaka 3 kapena 4. Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anaonetsa kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira malo, inali yokulirapo mwa madalaivalawa. Wina akanati mwina anabadwa choncho. Ndiye mu 2011 iye ndi Katherine Woollett anatulutsa zotsatira za anthu 79 amene anawayeza asanayambe maphunzirowo komanso patapita zaka. Poyamba onse anali chimodzimodzi. Pamapeto, chigawocho chinakula mwa anthu 39 amene anakhoza, pomwe mwa olephera ndi osiyira panjira sichinasinthe.

Ku Regensburg m'dziko la Germany, Bogdan Draganski ndi anzake anaphunzitsa akuluakulu kuponya mipira itatu m'mwamba mosinthanitsa kwa miyezi 3. Zotsatira zake zinatuluka mu 2004: mbali ya ubongo yoona kayendedwe ka zinthu inakula, ndipo atasiya kwa miyezi 3 inayamba kubwerera m'mbuyo. Wophunzira khodi atolepo ziwiri. Chosiyidwa chimafota. Ndipo chimakula ndi chokhacho chimene chagwiritsidwa ntchito, choncho maola 40 oonera wina akulemba khodi amakulitsa luso loonera.

Nanga za maganizo?

Carol Dweck wa ku Stanford ndiye anatchukitsa mawu akuti growth mindset, kutanthauza kukhulupirira kuti nzeru zimakula munthu akamazigwiritsa ntchito. Mu kafukufuku wa 1998 amene anachita ndi Claudia Mueller, ana oyamikiridwa kuti "ndiwe wanzeru" ankasankha mafunso osavuta, ndipo akalephera kamodzi ankabwerera m'mbuyo. Oyamikiridwa chifukwa cha khama ankasankha ovuta n'kulimbikirabe.

Tinene chilungamo: chikhulupiriro chokhachi mphamvu yake ndi yochepa. Mu 2019 David Yeager ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa ana a giredi 9 oposa 12,000 m'sukulu 65 za boma ku America. Phunziro la pa intaneti losakwana ola limodzi linakweza magiredi a ana amene ankatsalira ndi 0.10 pa sikelo ya 4. Ndi phindu lenileni, koma si chozizwitsa. Dweck mwiniwake anachenjeza kuti kungouza munthu kuti "limbikira" sikukwanira ngati sakusintha njira kapena kupempha thandizo. Choncho m'malangizo ano maganizowa tiwasandutsa zochita, makamaka pa nthawi imene mwathedwa nzeru.

Palinso mphekesera yakale yoti anthu ena anabadwa odziwa khodi, ena ayi. Mu 2006 Saeed Dehnadi ndi Richard Bornat a ku Middlesex University analemba kuti apeza mayeso olekanitsa magulu awiriwa maphunziro asanayambe. Nkhaniyo inafala kwambiri, koma mu 2014 Bornat anabweza mawu ake poyera. Mu 2016 Elizabeth Patitsas ndi anzake anaunika magiredi a makalasi 778 a sayansi ya kompyuta pa University of British Columbia, n'kupeza kuti osakwana 6 pa 100 alionse ndi amene ankaoneka ogawikana pawiri. Ngati masamu anakuvutani kusukulu, dziwaninso ichi: kafukufuku wochepa wa Chantel Prat ku University of Washington mu 2020, wa anthu 36 ophunzira koyamba chilankhulo cholembera khodi chotchedwa Python, anapeza kuti luso lophunzira zilankhulo za anthu ndi lolingalira zinkalosera bwino amene adzafulumire kusiyana ndi luso la manambala.

Choyamba, zipangizo ndi nthawi

Sankhani chilankhulo chimodzi, mukhale nacho miyezi 3 osayang'ana kwina. Zitsanzo zathu ndi za Python 3. Pa kompyuta ikani Thonny, pulogalamu yaulere yochokera ku University of Tartu ku Estonia, yomwe imatha kuyendetsa khodi mzere umodzi umodzi n'kukuonetsani zimene zili mu variable iliyonse (dzina losungira nambala kapena mawu mu khodi). Ngati muli ndi foni ya Android yokha, Pydroid 3 imayendetsa Python popanda intaneti mukangoiika. Gulaninso kope la masamba 80 ndi pensulo. Theka la ntchito ili m'munsiyi ndi la pepala, choncho magetsi akazima kapena bandulo ikatha phunziro siliima.

Patulani mphindi 45 patsiku, masiku 5 kapena 6 pa sabata. Maola 5 a Loweruka lokha salingana nazo, chifukwa zimene mwaphunzira zimakhazikika pakati pa phunziro lina ndi linzake, makamaka mukagona. Mphindizo zigaweni motere: 10 zokumbukira zakale, 15 zowerenga ndi kulosera khodi, 15 zolemba nokha, 5 zolemba m'kope zimene zavuta. Vidiyo kapena buku likhale mkati mwa mphindi 15 zowerengazo, ndipo lisapitirire theka lake.

Chachiwiri, yambani buku lili chitsekere

Musanatsegule chilichonse, lembani kuchokera m'mutu kapulogalamu kamene munaphunzira dzulo. Mukasowa pogwira, khalani chete masekondi 30 mukufufuza m'mutu, kenako n'kuyang'ana. Kuvutikako ndiye kumalimbitsa mfundo zija. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa izi mu 2006 ku Washington University ya ku St. Louis. Gulu lina linawerenga ndime kanayi, lina linawerenga kamodzi n'kudziyesa katatu. Patapita mphindi 5, owerenga kanayi anali patsogolo. Patapita sabata, iwo anakumbukira 40 pa 100, pomwe odziyesa anakumbukira 61. Owerenga kanayi aja ndi amenenso ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Msampha wa mavidiyo ndi womwewu: zomveka bwino m'khutu zimaoneka ngati zalowa.

Chilichonse chatsopano chibwerezeni mawa lake, kenako patatha masiku 3, masiku 7 ndi masiku 21. Mukhoza kudula timakadi ta pepala kapena kugwiritsa ntchito Anki, pulogalamu ya makadi obwerezera zimene mwaphunzira. Pa kadi musalembe tanthauzo loloweza. Lembani funso lofuna ntchito, monga "range(1, 5) imatulutsa manambala ati?" Kuseri: 1, 2, 3, 4, chifukwa nambala yomaliza silowa. Kadi imene mwaiphonya ibwerere poyambira. Makadi atsopano asapitirire 5 patsiku, apo ayi pofika sabata yachitatu mulu wobwereza udzadya mphindi zonse 45.

Chachitatu, loserani musanayendetse

Pano tikhalitsapo, chifukwa ndi sitepe imene ambiri amaidumpha. Akatswiri ofufuza za kaphunzitsidwe ka khodi, monga Raymond Lister wa ku Australia, apeza kuti amene satha kutsata khodi yolembedwa kale mzere ndi mzere amavutika kwambiri kulemba yakeyake. Sue Sentance wa ku England anakonza ndondomeko yotchedwa PRIMM yomwe imayambira pomwepa: losera, yendetsa, fufuza, sintha, kenako panga yako. Tengani khodi iyi:

```
mitengo = [500, 1200, 300]
zonse = 0
for mtengo in mitengo:
    zonse = zonse + mtengo
print(zonse)
```

Musaiyendetse kaye. M'kope jambulani tebulo la magawo awiri, lina la mtengo, lina la zonse. Loop isanayambe, zonse ndi 0. Ulendo woyamba mtengo ndi 500, zonse zikhala 500. Wachiwiri mtengo ndi 1200, zonse 1700. Wachitatu mtengo ndi 300, zonse 2000. Lembani 2000 ngati yankho lanu, ndipo pokhapo yendetsani.

Tebulo n'lofunika chifukwa malo osungira zinthu kwakanthawi m'mutu ndi ochepa. George Miller mu 1956 anati ndi zinthu 7, koma Nelson Cowan mu 2001 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 4 kapena pafupi pamenepo. Kapulogalamu ka mizere isanu kali kale ndi mndandanda, ma variable awiri ndi malo pomwe loop yafika. Mutu wadzaza. Munthu akasokonezeka apa amaganiza kuti ndi mbuli, chonsecho wangonyamula zambiri m'manja awiri. Pepala ndi dengu lake.

Tsopano sunthani mzere wa zonse = 0, muulowetse mkati mwa loop pamwamba pa mzere wophatikiza. Loseraninso ndi tebulo. Yankho ndi 300, chifukwa ulendo uliwonse zonse zikufufutidwa, n'kutsala mtengo womaliza wokha. Bwezerani, kenako kankhirani print mkati mwa loop: mudzaona mizere itatu, 500, 1700, 2000. Kusintha kamodzi, kulosera kamodzi, kuyendetsa kamodzi.

Mukalosera molakwa, musathamangire kutsogolo. Imeneyo ndi mphindi ya mtengo wapatali pa phunziro lonse, chifukwa chithunzi cholakwika chimene chinabisala m'mutu mwanu chaonekera poyera. Lembani chiganizo chimodzi: "Ndimaganiza kuti..., koma zoona n'zoti..." Yesani ichi:

```
a = [1, 2]
b = a
b.append(3)
print(a)
```

Oyamba kumene ambiri amati [1, 2]. Kompyuta imati [1, 2, 3]. Mzere wa b = a sunapange mndandanda wachiwiri, unangopatsa mndandanda womwewo dzina lina, ngati munthu mmodzi wodziwika ndi dzina la kusukulu ndi la kumudzi. Mukafuna wina wapadera mulembe b = a.copy(). Wowerenga zimenezi m'buku amaiwala mawa. Amene analosera n'kugwa nazo sachedwa kuzizindikira akakumana nazonso.

Mukamaliza kutsata, nenani m'chiganizo chimodzi cholinga cha khodi yonse: "ikuphatikiza mitengo yonse." Kubwereza mzere uliwonse m'mawu ena sikufotokoza cholinga. Ngati chiganizo chimodzicho chikukana, simunaimvetse, tsatani kachiwiri ndi manambala ena.

Chachinayi, kuchoka pa kusintha kufika pa kulemba

Kudumpha kuchokera pa kuwerenga kupita pa sikirini yopanda kanthu n'kwakukulu, choncho ikani miyala yopondapo iwiri. Woyamba: lembani pulogalamu yogwira bwino ya mizere 6 mpaka 10 papepala, dulani mzere uliwonse ndi sizasi, sakanizani, mawa muisanjenso. Masewerowa amatchedwa Parsons problems, potengera Dale Parsons wa ku New Zealand amene anawafotokoza mu 2006 limodzi ndi Patricia Haden. Amakuchotserani nkhawa ya kalembedwe kuti mutu ulimbane ndi dongosolo lokha. Wachiwiri: tengani chitsanzo chathunthu, fufutani mzere umodzi, muulembe nokha. Mawa fufutani itatu. Mkuja tsekani zonse.

Chimene mukumanga apa ndi timagulu. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon anaonetsa akatswiri a chess bolodi kwa masekondi ochepa. Ngati tizidutswa tinali pamalo ochokera m'masewero enieni, akatswiri ankakumbukira zambiri kuposa oyamba kumene. Tikamwazidwa mwachisawawa, kusiyanako kunkatsala pang'ono kutheratu. Katswiri alibe mutu waukulu, amangoona tizidutswa tambiri ngati chinthu chimodzi chodziwika. Wolemba khodi wozolowera akaona mizere isanu ija saona mizere isanu, amaona "kuphatikiza". Malo atatu mwa anayi aja amatsala opanda kanthu, n'kumaganizira vuto lenileni.

Timagulu toyamba n'tochepa: kuphatikiza, kuwerenga kuti zilipo zingati, kupeza chachikulu, kusefa zokwaniritsa lamulo lina, ndi kufufuza ngati chinthu chilipo. Kalikonse kalembeni katatu pa nkhani zitatu zosiyana, monga mitengo ya katundu, malikisi a ophunzira ndi mamilimita a mvula. Pa kupeza chachikulu pali mbuna yodziwika. Mukayamba ndi chachikulu = 0, pulogalamu imagwira bwino mpaka tsiku limene manambala onse ali pansi pa ziro, monga [-5, -2, -9], n'kuyankha 0, nambala yomwe mulibe n'komwe mu mndandandawo. Yambani ndi chinthu choyamba cha mndandanda. Mukazolowera kagulu kalikonse pakokha, sakanizani mafunso osalemba kuti ili ndi la mtundu wanji, popeza pa ntchito yeniyeni palibe amene adzakuuzeni kagulu koyenera.

Maina a ma variable mukhoza kuwalemba m'Chichewa, Python ilibe nazo kanthu, ndipo zimathandiza kusiyanitsa mawu anu ndi mawu a chilankhulocho monga for, in ndi print. Chenjerani ndi kachizindikiro ka mu ng'ombe kapena m'nyumba: Python imakatenga ngati chiyambi cha mawu ogwidwa, n'kukupatsani SyntaxError. Lembani ngombe.

Chachisanu, error ikabwera

Walira mvula walira matope. Zilembo zofiira za error, uthenga wa kompyuta woti khodi yalakwika, zidzabwera tsiku lililonse, kwa woyamba ndi kwa wa zaka 20 pantchito, ndipo apa m'pomwe maganizo aja amayesedwa. Wokhulupirira kuti nzeru n'zobadwa nazo amaona error ngati chigamulo cha khoti, ndiye saiwerenga. Amangosintha apa ndi apo mwachisawawa, kapena kufufuta zonse. Chitani izi m'malo mwake, motsatana.

Werengani mzere womaliza wa uthengawo poyamba, chifukwa mtundu wa vuto uli pamenepo. Kenako pezani nambala ya mzere wa khodi yanu imene yatchulidwa pamwamba pake. Masulirani uthengawo m'Chichewa, mokweza kapena m'kope. Chitsanzo:

```
zaka = input("Zaka zanu: ")
print(zaka + 1)
```

Python idzati TypeError: can only concatenate str (not "int") to str. M'chinenero chathu: "mawu amalumikizidwa ndi mawu anzake okha, nambala ayi." Chifukwa chake n'choti input imabweza mawu nthawi zonse, ngakhale mutalemba 25. Mankhwala ake ndi int(zaka) + 1. Choopsa kwambiri ndi pomwe Python sidandaula: zaka * 2 idzakupatsani 2525 mwakachetechete. NameError kawirikawiri ndi kalembedwe, monga Zonse m'malo mwa zonse, ndipo kuyambira Python 3.10 uthengawo umakufunsani dzina limene mwina mumafuna. IndexError pa mitengo[3] imabwera chifukwa kuwerenga kumayambira pa 0, choncho zinthu zitatu zimathera pa 2. Function yanu ikamabweza None (kutanthauza kuti palibe kanthu), onani ngati mwaika print pomwe pamafunika return. Print imaonetsa munthu, return imapatsira khodi.

Musanasinthe kanthu, nenani zimene mukuganiza kuti zalakwika, kenako yesani ganizolo ndi print pamwamba pa mzere wovutawo kuti muone zili mu variable. Sinthani chinthu chimodzi chokha, yendetsani. Mukasintha zitatu pakamodzi n'kugwira, simudziwa chomwe chachiza, ndipo ubongo supindulapo kanthu.

Ikani malire a mphindi 20. Zikatha musanasunthe, kulimbikira njira yomweyo n'kungotopetsa mutu. Sinthani njira: chepetsani khodiyo mpaka itsale mizere yochepa yomwe ikuonetsabe vutolo, kapena ifotokozereni mokweza mzere ndi mzere kwa mpando kapena kapu ya tiyi. Olemba mapulogalamu amachitadi zimenezi, ena ndi kabakha ka pulasitiki pa desiki, chifukwa pakamwa sipalola kudumpha zomwe maso amadumpha. Zikakanikabe, imirirani, kayendeni, kapena gonani nazo. Kenako funsani, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funso labwino lili ndi zinthu zinayi: zimene mumafuna, zimene zachitika, uthenga wa error wonse monga ulili, ndi zimene mwayesa kale. Nthawi zambiri yankho limatulukira muli mkati molemba funsolo.

Mawu odziuza nokha akhale olozera malo enieni. "Sinditha Python" alibe pogwira. "Sindinamvetse chomwe return imachita function ikaitanidwa mkati mwa loop" ndi ntchito ya mawa ya mphindi 15. Nthawi iliyonse mukadzimva mukudziweruza, funsani kuti ndi mzere uti, ndi liwu liti, mpaka chigamulocho chisanduke funso.

Mphindi 5 zomaliza ndi za kope la zolakwa. Mizere itatu basi: uthenga, chimene chinayambitsa, chimene chinachiza. Lamlungu werengani za sabata yonse. Cholakwa chimene chabwera katatu chisanduke kadi yobwereza. Pakatha mwezi kopeli limakhalanso umboni, chifukwa mudzaona zinthu zimene zinakudyerani madzulo athunthu zomwe pano mumakonza m'masekondi 10.

Za ChatGPT ndi anzake

Zida izi zimalemba khodi ya woyamba kumene mosavuta, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Dalaivala wa ku London akanangotsatira mapu a pafoni, panalibe chokulitsa hippocampus yake. M'miyezi 3 yoyamba musapemphe yankho lathunthu. Pemphani kuti chikufotokozereni uthenga wa error, chikupatseni kachidziwitso kamodzi kokha, kapena chikukonzereni mafunso olosera. Khodi iliyonse imene mwalandira, kaya kwa makina kaya kwa mnzanu, itsateni ndi tebulo, muitseke, muilembenso kuchokera m'mutu, mawa mubwerezenso. Zidazi zimalakwitsanso molimba mtima, choncho tebulo lija likutetezani pawiri.

Muyezo wa kuvuta, tulo, ndi kudziyeza

Funso loyenera ndi limene mukudziwa poyambira koma simukudziwa pothera. Ngati mukukhoza mafunso 10 motsatizana osaima, kwerani. Ngati mwa mafunso 5 simunathe ngakhale limodzi, tsikani sitepe imodzi, mubwerere ku kusintha khodi yolembedwa kale. Kutsika sikugonja, n'kupepuza katundu wa m'malo anayi aja. Pofika sabata yachinayi yambani kantchito kanu kamene mukukafunadi, monga kowerengera ndalama za banki m'khonde kapena katundu wa mu golosale. Kayambe ndi mizere 20, muziwonjezera chinthu chimodzi pa sabata: kusunga mu fayilo, kukana munthu akalemba mawu pofunika nambala, kugawa khodi m'ma function.

Tulo musatichepetse pofuna kuwonjezera maola a khodi. Munthu akagona, hippocampus imabwereza zimene zachitika masana, ndipo zimenezi zimathandiza kuti zikhazikike. Wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Kuchezera usiku wonse pa error imodzi kumawononga phunziro la lero ndi la mawa lomwe.

Podziyeza musawerenge mavidiyo amene mwamaliza kapena kudzifanizira ndi mnzanu wa m'kalasi amene akuoneka wothamanga. Kawirikawiri iyeyo anayamba kale kwinakwake, timagulu take anatimanga inu musanamuone. Sankhani funso limodzi lokhazikika, mwachitsanzo ili lofanana ndi limene Elliot Soloway ankayesera ophunzira m'zaka za m'ma 1980: landirani manambala a mvula mpaka munthu alembe 99999, tayani a pansi pa ziro, perekani avereji. Likuoneka lophweka, koma lili ndi timagulu tinayi tolukana, ndiponso msampha wogawa ndi ziro ngati munthu walemba 99999 poyambirira. Liyeseni pa tsiku 1 la mwezi uliwonse, buku lili chitsekere, mulembe mphindi zimene zatenga ndi ma error amene mwakumana nawo.

Mukadukiza sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa cha maliro, matenda kapena ntchito, musayambirenso pa mutu woyamba wa buku. Zidzaoneka ngati zonse zauluka, koma Hermann Ebbinghaus anaona kale mu 1885 kuti chinthu choiwalika chimaphunzirikanso mofulumira kuposa poyamba. Tsiku loyamba lobwerera, gwirani makadi okha ndi kutsata khodi ziwiri zakale ndi tebulo. Lachiwiri, lembaninso kuchokera m'mutu timagulu tiwiri. Lachitatu, tsegulani kantchito kanu pomwe munakasiyira, muwerenge mzere ndi mzere musanawonjezere kanthu.